Mpeni wa Atelala

Bambo anga sankapha mbuzi, ngakhale nkhuku imene. Pakhomo pathu ku Phalula, kuseri kwa ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu waukulu, ziweto zinalipo ndithu, koma ikafika Khirisimasi, tsiku la ubatizo, kapena kukabwera alendo oti sungawapatse masamba, bambo ankangomangirira mbuzi pamtengo wa mango n'kunyamuka kukaitana atelala. Ine ndi achimwene anga, amene tinabadwa awiri okha, tinkawaseka mosabisa. Tinkati munthu wamkulu, wandevu zake, akuopa magazi a mbuzi. Iwo sankakana. "Eya, ndimaopa," ankatero, "mtima wanga ndi wa nkhunda."

Atelala anali anansi athu, nyumba yachitatu kuchokera kwathu. Dzina anali nalo, koma mudzi wonse unkawatchula ndi ntchito yawo, chifukwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka ankakhala pakhonde kupalasa makina osokera. Anali Msilamu, wa kofia yoyera ndi lilime lakuthwa kuposa sizasi yawo. Akamakuyeza malaya, ankakuuza zonse zimene thupi lako lalakwitsa chaka chimenecho. Bambo akawaitana, ankasiya ngakhale diresi la ukwati lili pakati, n'kubwera ndi mpeni wawo wokulunga m'kansalu kotsala posoka. Ankailozetsa mbuzi kumene iwo amayang'ana popemphera, n'kunong'ona mawu awo, ndipo posakhalitsa ntchito yatha. Khosi linali lawo. Masana anthu ankadzaza pansi pa mango, a kutchalitchi ndi a kumzikiti omwe, mbale zikungodutsana, mayi anga akukalipira aliyense amene wasiya nyama pafupa.

Bambo anamwalira ndili kusukulu ya ukachenjede. Khirisimasi yotsatira ndinapita kumudzi kukakhala ndi mayi, achimwene ndi akazi awo. Achimwene anadzuka m'mamawa, n'kunola chikwanje ndi mpeni wa kukhitchini, n'kunena kuti tsopano pakhomo pano pali mwamuna wosaopa magazi. Dzuwa lisanatenthe, mbuzi inali italendewera kale pamtengo, chikopa chili padera. Ine ndinawaombera m'manja.

Ndinali kutsuka matumbo pamene atelala anatulukira, kansalu kawo kali m'manja. Palibe anawaitana, koma zaka zonsezo tsiku limenelo ankabwera. Anaima n'kuyang'ana nyama ili lendelende. Ine, ndi chimwemwe changa chopusa, ndinati, "Atelala, chaka chino mupume, achimwene athana nayo kale." Anati, "Ooh, mwachita bwino." Anakhala pakhonde, anawalonjera mayi, anafunsa za kumunda, kenako anaika kansalu kaja m'thumba la mkanjo n'kumapita.

Masana anthu anabwera monga mwa nthawi zonse. Koma mbale zitayamba kuzungulira, ambiri ankangoti, "Zikomo, tadya kale." Anamwa thobwa, anacheza pang'ono, anatsanzika. Nyama inatsala yambiri moti mayi anachita kuiwamba. Pa Pasaka zinachitikanso chimodzimodzi. Patapita miyezi, atelala anadwala miyendo, inatupa mpaka kulephera kupalasa makina, ndipo mwana wawo wamkazi anadzawatenga kukakhala nawo ku Ulongwe.

Kuyambira pamenepo, ndikawaimbira foni mayi, nkhani inkathera pamodzimodzi. "Pakhomo pano anthu sakudyanso." Ndikafunsa za chiliza cha bambo, choti timange pamanda awo n'kuitana anthu monga amachitira aliyense, ankazengereza. Simenti inalipo, mmisiri analipo, koma iwo ankati, "Ndiphikire ndani? Munthu amene ankadyetsa mudzi wonse timukumbukire ndi mbale zobwerera zodzaza? Iyayi." Manda a bambo anangokhala mulu wa dothi, mvula ikuwaphwasula pang'onopang'ono.

Ine ndinali ndi yankho langa, ndipo linandikwiyitsa kwambiri. Ndinkati anansi athu ankadya chifukwa cha bambo, ndipo tsopano akunyoza mayi wamasiye. Ndikapita kumudzi ndinkawapatsa moni wa kumphuno. Ndine munthu wofulumira kuweruza, ndipo ndikaweruza sindibwerera msanga.

Chaka chotsatira ndinayenera kuchita kafukufuku womalizira maphunziro. Ndinasankha kuphunzira za moyo wa mabanja a asodzi ku nyanja ya Chiuta, ku Machinga. Ndinalemba mafunso odzaza masamba angapo, okhala ndi timabokosi tochonga, n'kupita nawo kwa aphunzitsi amene ankandiyang'anira. Anali mayi achikulire, osakonda kuzungulira polankhula. Anawerenga tsamba loyamba lokha n'kundibwezera.

"Mafunso awa ukawafunsa, anthu akakuyankha zimene akuona kuti ukufuna kumva," anatero. "Asiye. Pita ukakhale nawo. Ukatunge nawo madzi, ukanunkhe nsomba ngati iwo. Uzikalemba zimene waona ndi zimene wamva, osati zimene ukuganiza. Zoganizazo uzibwera nazo kuno, tidzakangane."

Njira imeneyi m'mabuku amaitcha ethinogirafe, dzina lalitali ngati ulendo wake, koma aphunzitsi ankangoti kukhala ndi anthu mpaka maso atatseguka. Kwa ine zinkamveka ngati ulesi. Ndinkadzifunsa kuti munthu ungalandire bwanji digiri chifukwa chokhala pamphasa.

Ndinakwera minibasi kudutsa ku Balaka ndi ku Liwonde mpaka ku Ntaja, kenako njinga yamoto, fumbi lili koboo mpaka m'mano. Kumudzi wa m'mbali mwa nyanja anandilandira mayi ena owamba nsomba, amene anavomera kundisunga. Iwo ndi amuna awo anali akhristu ngati ife, koma nyumba zambiri zowazungulira zinali za Asilamu. Amuna awo ankatha masiku ali panyanja, choncho pakhomo tinkakhala awiri nthawi zambiri. Ndinkawaitana amayi, ndipo sipanatenge nthawi kuti ayambe kundilalatira ngati mwana wawo.

Masabata oyamba anali ochititsa manyazi. Kulikonse ndinkayenda ndi kope, moti amayi a kugombe, kumene mabwato amakocheza, anandipatsa dzina loti akope. Ndikafika ankasiya Chichewa n'kulowa m'Chiyao, akuseka. Minga ya nsomba za makumba inandibaya zala zonse. Utsi wa muuvuni wowambira milamba unandifiiritsa maso. Moni wa m'mawa, "Ajimwiche uli?", ndinaulakwitsa kwa sabata yathunthu, iwo akundibwerezetsa dala kuti aseke bwino. Koma pang'onopang'ono anandizolowera. Anandionetsa kutumbula mlamba osaphulitsa ndulu. Ndinayamba kuona zinthu zimene palibe akanandiuza: kuti wothandiza kukoka bwato sabwerera chimanjamanja, kuti mayi amene mwamuna wake wabwera wopanda nsomba amapeza anzake amuikira kale zingapo pathandala lake, popanda wonena kanthu. Ndinkalemba zonsezi ndipo ndinayamba kudziona ngati katswiri.

Chinthu china ndinachilembanso. Kangapo konse, amayi ondisunga akafuna kupha nkhuku, ankapita nayo kwa bambo ena osoka maukonde, a nyumba yoyandikana nafe, kuti akawaphere. Ndinalemba m'kope mwanga motsimikiza kuti amayi a kuno amaopa magazi, ndipo amuna awo akachoka amadalira anansi. Ndinalembanso m'mbali mwake kuti, ngati bambo anga, n'kuseka ndekha.

Aphunzitsi ankandiimbira foni pakutha pa sabata kuti ndiwawerengere zimene ndalemba. Nditafika pamenepo anandidula.

"Ndani wakuuza kuti amaopa?"

"Palibe, koma zikuonekeratu."

"Mayi wotumbula milamba tsiku lonse, magazi mpaka m'zigongono, aope magazi a nkhuku? Chabwino. Nkhukuyo itaphedwa, anadya ndani?"

Ndinayang'ana m'kope. Sindinalembe. Ndinalemba wopha, mtundu wa nkhuku, ngakhale nthawi yake, koma odya sindinawalembe. Aphunzitsi anati ndizitsatira chinthu mpaka kumene chathera, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinavomera ndi pakamwa pokha. Mumtima ndinkati mayiwa akungofuna kundivutitsa, nkhani ya nkhuku ikukhudzana bwanji ndi moyo wa asodzi.

Nditakhala miyezi iwiri, ndinaganiza zowathokoza amayi a kugombe amene anandiphunzitsa ntchito. Ndinafuna kuti chikhale chinthu chodzidzimutsa. Tsiku limene amayi ondisunga anapita kumsika ku Ntaja, ndinagula atambala awiri onenepa ndi mpunga wonunkhira wa komweko. Ndinatenga mpeni, ndinaponda mapiko, ndinadula makosi ndekha, ndikudzitama mumtima kuti ine si wamantha ngati bambo anga. Ndinaphika bwino, zimenezo sindingadzichepetse. Kenako ndinayenda nyumba ndi nyumba kuitana anzanga aja.

Anabwera onse, atavala zitenje zochapa. Anakhala pamphasa, nthabwala zili mkati. Mmodzi anayang'ana nthenga zimene ndinaunjika pafupi ndi nkhokwe, kenako anayang'ana mnzake. Nditabweretsa mbale, atatu a kutchalitchi anasamba m'manja. Enawo anapinda manja awo pamiyendo.

"Sikomo, mwanangu, tadya kale."

Mawu omwe aja. Kamvekedwe komwe kaja, kaulemu, kopanda mkwiyo, kotseka khomo mwakachetechete. Mtima wanga unawira. Anthu amene ndadya nawo m'mbale imodzi miyezi iwiri, lero akukana chakudya changa? Ndinawakakamiza kawiri, anaseka n'kupempha madzi akumwa. Atatu aja anadya mwamanyazi, msangamsanga, ndipo onse anabalalika dzuwa likadali pamutu.

Amayi ondisunga anandipeza nditakhala pafupi ndi mapoto, nkhope ili gwa. Anatula dengu, anavundukula poto, anaona nthenga zija.

"Wazinga ndani nkhukuzi?"

"Ndapha ndekha."

Anagwira pakamwa, kenako anaseka mpaka kukhala pansi. Atatha kuseka anandikalipira. "Iwe mwana iwe, miyezi yonseyi umalemba chiyani m'kopemo? Sunaone kuti ine ndimapita nazo kwa bambo a maukonde?"

"Ndimayesa mumaopa magazi."

"Ine? Ndiope nkhuku?" Anandionetsa manja awo, odzaza zipsera za minga ya milamba. "Anzathuwa sadya nyama imene sanazinge Msilamu mnzawo, ndi pemphero lawo. Zimenezo sukuzidziwa?"

Ndinkazidziwa. Ndani wokulira ku Balaka sazidziwa? Koma ndinkazidziwa monga ndidziwira kuti ku Mulanje kuli phiri, chinthu chakutali chosandikhudza. Ndinkaziona ngati nkhani ya kumabutchala ndi m'malesitilanti a m'tauni. Sindinaganizepo kuti zimafika mpaka pamphasa ya pakhomo.

"Ndiye akanangondiuza," ndinatero, ndikufunabe kuwina mlandu.

"Akuuze kuti chiyani? Kuti tiphereni bwino kuti tidye nawo? Munthu wamkulu sapempha ndiwo. Tamvera, kuno woitana anthu ndi mpeni. Ndikanyamula nkhuku kupita nayo kwa bambo aja, nyumba zonsezi zaona, zadziwa kuti lero kwa uje kuli chakudya cha tonse. Ndikapha ndekha kuseri, ndanena kuti iyi ndi ya m'nyumba mwanga, ndipo palibe amadandaula. Koma iwe wapha wekha, kenako waitana anthu kuti adzaonerere. Waitana ndi pakamwa, ndi dzanja wabweza."

Ndinanyamuka n'kukakhala kuseri kwa uvuni. Zimene ndinkaona si atambala anga ayi. Ndinkaona atelala ataima pabwalo pathu ndi kansalu m'manja, akuyang'ana mbuzi yosendedwa kale, ine ndikuwauza mosangalala kuti apume. Ndinkamva anansi athu akuti tadya kale. Anthu aja sananyoze mayi anga. Ndife tinawauza, pamaso pa mudzi wonse, kuti bambo apita ndipo mbale yawo yapita nawo. Iwo anapitirizabe kubwera, kudzakhala pansi pa mango ndi njala yawo, chifukwa cholemekeza mayi. Ndipo ine ndinkawapatsa moni wa kumphuno. Ndinalira kwambiri, ndipo amayi atabwera kudzandiona ndinanamizira utsi, ngakhale muuvuni munalibe moto.

Sabata yotsatira ndinagula nkhuku zina. Amayi anandiuza kuti ndizinyamule ndekha, ndidutse nazo pakati pa nyumba, osati kuseri. Bambo a maukonde anazilandira osafunsa kanthu, ngati kuti za sabata yatha sanazimve, chonsecho mudzi wonse unali utazimva. Masana amayi aja anabwera ndipo anadya mpaka kupukuta mbale. Mmodzi, amene ankandiseka kwambiri kugombe, anandikodola akutafuna. "Akope, lembani m'kopemo kuti lero tadya." Ndinalembadi, ndipo tsamba limenelo ndikadali nalo.

Nditawafotokozera aphunzitsi, sananene kuti ndinakuuza. Anangofunsa kuti, "Ndiye kwanu upita liti?"

Ndinapita kumapeto a mwezi womwewo. Ndinawapeza mayi akusola chimanga pakhonde. Sindinadikire n'komwe kuti ndisambe.

"Amayi, bambo sankaopa magazi, eti?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa ngati madzi amanyowetsa. "Aope magazi a chiyani?"

"Nanga bwanji simunatiuze? Zaka ziwiri mukungoti anthu sakudya, osanena chifukwa chake."

Anaika chitsononkho pansi. "Ndimayesa mukudziwa. Mwabadwira pompano, mwakulira pompano, sukulu mwapita mpaka kumapeto kwake. Ndinkati ana anga aona zambiri, asankha kuti azidya okha, za bambo awo zatha. Zinkandipweteka, koma ndikanatani? Mlongo wako atanyamula mpeni tsiku lija, mkazi wake akuona, ndikanamulanda? Ndinati ndikalankhula aziti mayi akukana kuti mwana wawo akhale mwamuna pakhomo."

Choncho zaka ziwiri mayi ankaganiza kuti ife tadula chibale mwadala, ife tinkaganiza kuti anansi ndi oipa mtima, anansi ankaganiza kuti sitikuwafunanso, ndipo aliyense ankangokhala chete mwaulemu. Ulemu ndi wabwino, koma ukachuluka umagonetsa anthu ndi njala.

Achimwene anavuta pang'ono. Iwo ndi ine mtima ndi umodzi, sitikonda kupezeka olakwa. Anati zimenezo ndi nzeru za m'mabuku, mbuzi ndi yathu, mpeni ndi wathu. Kenako anafunsa funso limene linkandivutanso ine. "Ngati sankaopa, bwanji ankavomera tikamawaseka?" Mayi anati funso limenelo tikafunse ku Ulongwe. M'mawa mwake ndinapeza achimwene atavala kale malaya a kutchalitchi, akundidikira pamsewu.

Tinatsika minibasi pa Ulongwe dzuwa litakwera. Tinafunsa kwa amayi ogulitsa chimanga ndi tomato, ndipo anatilozera nyumba ya mwana wa atelala, kuseri kwa msika. Tinawapeza atakhala pamkeka pakhonde, miyendo yotupa atayitambasula, kofia ili pamutu monga kale. Anali ataonda kwambiri. Anatiyang'ana nthawi yaitali, kenako maso awo anatsikira pa diresi langa.

"Wakusokera ndani limeneli? Ameneyo ngofunika kumumanga."

Ndinaseka, misozi ili m'maso. Titalonjerana, achimwene anagwada. Sindinawaonepo akugwadira munthu chikulireni. Anati, "Atelala, tinakulakwirani. Tsiku lija sitinkadziwa chimene tikuchita. Tinkayesa bambo ankakuitanani chifukwa cha mantha."

"Mantha?" Atelala anaseka mpaka kutsokomola. "Atate anu? Munthu amene ndinamuona ndi maso angawa akusenda ng'ombe yothyoka mwendo, yekha, ife tikungogwira miyendo? Iyayi, ana inu."

Anapempha madzi, anamwa, kenako anatiuza zimene sitinamvepo. Bambo anali mlendo ku Phalula. Anachokera kwa Nsamala, kumudzi kumene onse anali a tchalitchi chimodzi, n'kudzakhala chikamwini kwa mayi. Khirisimasi yawo yoyamba anapha mbuzi okha, anaitana mudzi, ndipo theka la anthu linati tadya kale.

"Ine ndinali m'gulu lomwelo," anatero atelala. "M'mawa mwake ndikutsegula chitseko, ndinawapeza atakhala pakhonde panga. Akuti, akulu, ine ndine mlendo kuno, ndiuzeni chimene ndalakwa. Ndinazemba, ndinati palibe. Anakhala pomwepo mpaka masana, akundithandiza kulowetsa ulusi, osachoka. Mapeto ake ndinawauza. Kuyambira chaka chimenecho, mpeni unali wanga." Anatembenukira kwa ine. "Atate ako anayenda nyumba zitatu kudzafunsa. Iwe akuti wachita kukafika ku Chiuta?"

"Eya, atelala."

"Sukulu ndi yodula ndithu."

Achimwene anafunsa funso lawo lija, loti bwanji bambo ankalola kuti tiziwaseka. Atelala anasisita bondo.

"Ndinawafunsapo. Anati, ndikawauza ana kuti ndimachitira anansi, adzayamba kuyenda modzikweza, ngati tikuwachitira anthu chifundo. Bola azinditcha wamantha. Akadzakula adzaona okha." Anatiyang'ana wina ndi wina. "Mwakula mochedwa, koma mwakula."

Tinawauza za chiliza, ndi kuti mayi akukana kumanga chifukwa choopa mbale zobwerera zodzaza. Tinati tikudziwa kuti akudwala, ndipo ngati sangathe, atiuze munthu wina wa kumzikiti woti tikamupemphe. Anakwiya ngati tawatukwana. Anaitana mwana wawo kuti abweretse chikwama chawo, anapisa dzanja mpaka pansi, n'kutulutsa kansalu kaja. Anati yafa ndi miyendo, dzanja lilipo, ndipo mbuzi ya mnzawo sangazinge munthu wina iwo ali moyo.

Chiliza tinamanga mvula isanayambe. Achimwene anakawatenga atelala pagalimoto ya mnzawo dzulo lake, ndipo m'mawa wa tsikulo anawanyamula pampando kuchokera m'nyumba mpaka pansi pa mango. Mayi anaumirira kuti mpandowo uzungulire kutsogolo, kumene aliyense wopita kumjigo akanauona. Mbuzi zinali ziwiri. Achimwene anagwira miyendo, atelala anawerama movutikira, anafunyulula kansalu, ananong'ona mawu awo. Dzanja silinanjenjemere. Atatha anapukuta mpeni n'kuuza achimwene kuti agwira bwino, koma bambo awo ankagwira bwino kuposa pamenepo. Khosi tinawaikira padera.

Tinapita kumanda, tinapemphera, tinaimba, a kumzikiti ataima nafe chapambali mwaulemu. Pobwerera anthu anadzaza pabwalo mpaka ena kukhala m'mphepete mwa munda. Ine ndinali m'gulu lopereka mbale, ndipo ndinafika kwa mayi woyamba wa kumzikiti, mmodzi mwa amene ndinkawapatsa moni wa kumphuno. Anandiyang'ana, anakoka beseni, anasamba m'manja. Anati, "Ndiikire ya mafuta, mwanangu, mano anatha."

Kafukufuku uja ndinamaliza, ndipo mutu wake umodzi unali wa nkhuku ndi mpeni, umene aphunzitsi anati ndi wokhawo umene ndinalemba ndi maso otsegula. Ndimawathokoza mayi amenewo chifukwa chondibwezera mafunso anga. Ndimathokoza amayi a ku Chiuta amene anandiseka kenako n'kundiuza zoona, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Atelala anamwalira chaka chotsatira, ndipo pa sadaka yawo ku Ulongwe tinapita tonse atatu, ine, mayi ndi achimwene atanyamula mbuzi yamoyo. Mpaka lero, kulikonse kumene ntchito yanditumiza kukakhala ndi anthu, ndikaona chinthu chimene ndikuganiza kuti ndachimvetsa msanga, ndimadzifunsa kuti anadya ndani.

Koma chimene ndimakumbukira kwambiri ndi madzulo a tsiku la chiliza, dzuwa lisanalowe, anthu atabalalika. Mbale zinaunjikana mulu kuseri kwa khitchini. Ine ndi alamu anga tinabwera ndi madzi kuti titsuke, koma tinapeza mayi atakhala kale pamenepo, akutenga mbale imodziimodzi, kuiyang'ana, n'kukhuthulira mafupa m'beseni. Munalibe nyama ngakhale kachidutswa. Ndinati apume, atopa, titsuka ife. Anandikankha dzanja.

"Zisiyeni," anatero, misozi ikutsika koma akumwetulira. "Izi nditsuka ndekha. Pitani mukawauze bambo anu kuti anthu adya."